Masamba Asanu ndi Awiri

Pijo ya atate inakhala pansi ngati galu wotopa,
mphuno m'mwamba, matako m'fumbi la pa Kaphatenga.
Ikagunda kabampu, tayala linkanyambita bodi,
kulira kwake ngati benchi yokokedwa m'tchalitchi.
Usiku nyali zake zinkaunika nsonga za malambe,
msewu n'kuusiya mumdima.

Ndinaipititsa kwa Che Ajasi, kuseri kwa siteshoni ya sitima,
pansi pa mtengo wa nimu pamene dothi linada ndi oyilo.
Za injini sanafunse. Anagwada, nasuzumira kunsi.
"Mayi, sipiring'i yamoyo imamwetulira.
Iyi yatseka pakamwa."

Jeke, zipika ziwiri, matayala pambali.
Manati a zaka makumi anayi samvera sipanala yokha:
Twaibu anawamwetsa dizilo usiku wonse,
m'mawa nalowetsa sipanala m'paipi, nadumphirapo.
Imodzi inalira, ina inathyoka khosi.
Bawuti ya pakati itamasuka
masamba anabalalika pa thumba la simenti,
asanu ndi awiri, lalitali mpaka kachitsirizira,
ngati ana a nyumba imodzi atatha maliro.

Pakati pawo panali zimene sindinabwerere:
dzimbiri lofiira, mankhusu a mpunga wa ku Lifuwu,
ulusi wa thonje la ku Chitala wouma ndi girizi.
Ndipo ndinakumbuka katundu wosasiya mankhusu:
bokosi la amalume panjira ya ku Thavite,
akwati atatu, kwaya yonse ya amayi ndi ng'oma yawo,
ine ndi sutikesi yachitsulo, ulendo wa ku sekondale.

Tsamba lachinayi linali lachilendo,
lokhuthala, lodulidwa ndi sowo mokhota.
"Ili si la Pijo. Analizula ku lole yakufa.
Winawake analibe ndalama ya latsopano
koma anali ndi ulendo."
Sindinayankhe. Chaka chake ndinkachidziwa.
N'chaka chimene fizi yanga inafika
atate atavala nsapato zosiyana zingwe.

Che Ajasi anajambula uta ndi choko pa simenti,
mmene msana unalili usanadziwe kulemera.
Twaibu anafuna kukoleza makala. "Moto ayi.
Moto umachotsa chitsulo mtima,
chimaiwala kubwerera."
Chidutswa cha njanji, nyundo yaikulu,
kumenya kulikonse chala chimodzi kuchokera pa kunzake.
Kho! Kho! Kuyeza pa choko. Kho!
Mzikiti unaitana; anasamba, anapita, anabwera. Kho!
Ine ndi burashi ya waya, dzimbiri mpaka m'mano,
kupala tsamba lililonse mpaka litayamba kuzizira m'manja.

Mabushi anawasema ku tayala lakale.
Girizi pakati pa tsamba ndi tsamba,
"kuti akhudzane osadyana."
Atafika pa lachinayi anaima, nandiyang'ana.
"Ndili nalo loyenera, la mtundu wake. Ili titaye?"
Ndinati libwerere pamalo pake.
Anagwedeza mutu, kaya kukana kaya kuvomera,
nalimenya kawiri kuposa anzake.

Jeke itatsika, galimoto siinatsike nayo.
Inaima chilili, nkhonya ya Twaibu
n'kulowa yonse pakati pa tayala ndi bodi.
Anakwera kumbuyo, nadumpha katatu. Inamubweza.

Ndinalipira, ndinakhala pachiwongolero.
Koma galasi loonera kumbuyo,
limene atate analikhazika ndi dzanja lawo
n'kuletsa aliyense kulikhudza,
silinkaonetsanso msewu.
Munali nthambi za nimu, waya wa magetsi,
ndi khwangwala mmodzi.

Ndinakweza dzanja. Ndinalibweza.
Kuchokera pa siteshoni mpaka pa Kaphatenga
ndinayenda osadziwa amene akunditsatira,
msana wowongoka pansi panga,
mabampu akudutsa mwakachetechete.
Pachipata ndinazimitsa injini,
ndinapukuta girizi ku zala,
kenaka ndinalitsitsa pang'ono,
pang'ono chabe,
mpaka fumbi langa litaoneka.